Tepi ya Nyimbo za Afundi

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete sindilemba muno. Azakhali anu amazidziwa kuposa ine, ndipo akamazifotokoza amathirako mchere wokwanira. Ine ndilemba za ntchito, chifukwa inu munkangoona bambo wanu akutuluka ndi chikwama chachikopa n'kubwerako ali mbuu ndi fumbi, koma chimene ankachita kumeneko palibe anakuuzani. Tsopano ndili pano pa Jumbe, maso akuonabe, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kuthamangitsa mbuzi za eni ake m'dimba la amayi anu. Nthawi yolembera ndili nayo.

Lusaka, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ndinalowa ntchito ku wayilesi ya boma nditaphunzitsako pang'ono kusukulu ya pulayimale. Anandiika m'chigawo cha Chinyanja kuti ndizithandiza kukonza mapulogalamu a nyimbo ndi miyambo. Ndinapita ndikuganiza kuti m'mawa mwake dziko lonse lindimva ndikulankhula, koma anangondipatsa lezala, pensulo yamafuta ndi tebulo la pakona. Bwana wanga anali a Daka, munthu wamfupi wa ku Petauke, wovala shati yoyera tsiku lililonse ngati akupita kukabatizidwa. Sankaseka kawirikawiri, koma khutu lawo linali lakuthwa moti ankamva ng'oma imene yafwamphuka chikopa ali panja pa situdiyo.

Masiku amenewo mawu tinkajambula pa matepi okulungidwa pa timagudumu tonga mbale. Ukafuna kuchotsa penapake, unkamvetsera, n'kuika chizindikiro ndi pensulo, n'kudula ndi lezala, kenako n'kulumikiza ndi kapepala komata. Pulogalamu yanga yoyamba ndinaidula mwakhama kwambiri. Ndinachotsa kutsokomola konse, kupuma konse, ngakhale pamene gogo wina anaima kuti akumbukire dzina. A Daka anamvetsera pang'ono n'kuimitsa makina.

"A Phiri, munthu uyu ali moyo?"

"Ali moyo, bwana."

"Nanga bwanji sakupuma? Kutsokomola dulani, koma mpweya muziusiya. Munthu wosapuma ndi mtembo, ndipo ife sitiulutsa mitembo."

Ndinatola tizidutswa tonse pansi n'kuyambiranso. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaopa a Daka, koma ndinkawakondanso, ndipo zonse zimene ndinadziwa pa ntchito iyi ndinaphunzira kwa iwo.

Vuto lathu lalikulu linali matepi. Ankachokera kunja, ndipo zaka zimenezo chilichonse chochokera kunja chinkasowa, kuyambira sopo mpaka matayala. Tsono tepi imodzi inkagwira ntchito kambirimbiri. Pulogalamu ikaulutsidwa, tepi yake inkapita m'kachipinda kena momwe munali bokosi lachitsulo lofufutira mawu. Unkaika tepi pamwamba pake, n'kudina batani, bokosi n'kulira ngati njuchi, basi zonse zapita. Bokosi limeneli tinkalitchula kuti Fisi, poti silinkasiya ngakhale fupa. Fisi anadya makwaya, anadya ndakatulo, anadya magule a ku Chadiza amene ndinawavutikira. Tepi imene inali ndi zinthu zofunika kwambiri inkaloledwa kusungidwa, koma kuti a Daka avomere zimenezo, unkachita kuchonderera ngati ukufunsira mbeta.

Chipata ndi Malambo, zaka za m'ma 1980

Patapita zaka zingapo ananditumiza ku Chipata kuti ndizitola nyimbo ndi nkhani za miyambo m'chigawo chonse cha kum'mawa. Ofesi yanga inali kachipinda kobwereka, galimoto ndinalibe. Ndinali ndi makina ojambulira opachika paphewa, maikolofoni imodzi, ndi mabatire amene ndinkawayanika padzuwa kuti atsitsimuke. Ndikadzaza matepi anga ndinkakwera basi kupita nawo ku Lusaka, kukawakonza ndi kukawaulutsa, kenako Fisi n'kuwatsuka, ine n'kubwerera nawo opanda kanthu.

Ku Malambo, kuno kuchigwa cha Luangwa, ndinatsikira koyamba pa lole yonyamula thonje. Nthawi imeneyo dera lino la Mambwe linali lisanakhale boma palokha, ndipo msewu wa ku Mfuwe unali wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja. Ife a kumtunda tinkanyoza kuno. Tinkati ndi dziko la kashembe, malungo ndi kutentha, kumene anthu amalimira njovu. Za kutentha sitinkanama. Koma nditamva akazi a Chikunda akuimba posinja mapira, ndinadziwa kuti matepi anga ndi ochepa. Amayi anu ndinawapeza pa Jumbe pompano, akuphunzitsa. Ndinawapempha kuti azinditanthauzira Chikunda, iwo n'kunena kuti munthu wa wayilesi wosamva chinenero ali ngati mbiya yobooka. Chaka chisanathe tinakwatirana, ndipo mpaka lero amanena kuti mbiyayo sinamatidwe bwino.

Ndi amayi anu amene anandiuza za a Yobe Chulu. Anati kutsidya kwa mtsinje wa Lupande, m'mudzi wa Kapale, kuli nkhalamba imene inatsala yokha yodziwa nyimbo zonse za afundi. Afundi ndiwo alenje a nyama zikuluzikulu, amene kale anali ndi mwambo wawo, mankhwala awo ndi nyimbo zawo. Boma linali litaletsa kale ulenje wotero, ndipo achinyamata sankaphunziranso nyimbozo. Ndinatumiza mawu, yankho n'kubwera lakuti ndipite anthu akatha kukolola. Ndinapalasa njinga yobwereka kudutsa m'nkhalango ya tsanya, kashembe akundiluma kumsana, n'kuwoloka Lupande pamchenga njinga ili paphewa.

A Chulu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka mphasa. Anali aatali, owonda, ndipo chifuwa chawo chinkalira akamapuma. Ndinagwada n'kuomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, asikulu?" Kuno agogo aamuna amawaitana choncho.

"Taswera, akamwini athu. Ndimwe a wayilesi mwakwatira pa Jumbe? Lomba mwabwera kutenga mawu anga muwapeleke ku Lusaka. Ine ndine nisale na chinji?"

Ndinawafotokozera kuti mawu sachoka pakhosi, makina amangotengako chithunzi chake. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti akudziwa, amangofuna kuona ngati mkamwini ali ndi yankho. Tsiku limenelo tinangocheza. Ndinajambula nkhani zawo za afundi akale, mmene ankatsukira mfuti yagogodera ndi masamba, mmene mkazi wa fundi ankakhalira osasesa m'nyumba mwamuna wake ali kutchire. Zimenezi zinadzaza tepi imodzi. Nyimbo anati ziimbidwa mawa, chifukwa nyimbo za afundi munthu saimba yekha. Pamafunika ng'oma, nkhwangwa zogogoda, ndi akazi ovomera.

M'mawa mwake mudzi wonse unasonkhana. Ndinapachika maikolofoni panthambi ya mango, n'kuika tepi yanga yachiwiri, yomwe inali yomaliza. A Chulu anaimirira atagwira ndodo ngati mfuti. Atatsegula pakamwa, chifuwa chija chinasowa. Ana anga, ndajambula oimba ambiri, ena a magitala amene munkawamva pa wayilesi, koma mawu ngati amenewo sindinawamveponso. Ankatchula afundi akale mmodzimmodzi, kumene aliyense anagwetsera nyama, ndi mtsinje umene anamwapo madzi pobwerera. Tsitsi linandiima. Ndinaiwala kutentha, ndinaiwala kuyang'ana mabatire. M'nyimbo iliyonse a Chulu ankafunsa, ndikaika m'Chinyanja, kuti ndani wagwetsa phiri m'mapira, ndipo akazi ankavomera ndi dzina limodzi lokhalokha, lakuti Sandifolo. A Chulu ankayamba mzere wotsatira akaziwo asanamalize dzinalo, mawu n'kumalowana ngati nsungwi za dengu.

Tepi itatha ndinafunsa mayi wina amene anakhala pafupi nane kuti Sandifolo ameneyu anali fundi wa nthawi iti. Mayiyo anandiyang'ana modabwa, n'kuloza ndi mlomo mwamuna wina wa msinkhu wanga amene ankaomba ng'oma yaikulu.

"Si uyo? Mphwawo wa a Chulu, mwana wa mlongo wawo."

Apo m'pamene ndinamva nkhani yonse. Mwambo wake ndi wakuti akale amatchulidwa ndi woimba, koma akazi amavomera ndi dzina la fundi amene wagwetsa nyama posachedwapa. Chaka chimenecho njovu ina inazolowera minda ya Kapale. Inatha mapira a mabanja angapo, inagwetsa nkhokwe, ndipo anthu anakadandaula koma thandizo linachedwa. Sandifolo anatenga gogodera ya amalume ake, a Chulu n'kuitsuka mwa mwambo, ndipo njovuyo inafera m'munda. Nyama anagawana mudzi wonse. Kumene minyanga inapita sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Chimene ndinkadziwa n'chakuti zaka zimenezo munthu wopha njovu ankapita kundende kwa nthawi yaitali, ndipo Sandifolo anali ndi mkazi ndi ana aang'ono, kuphatikizapo amalume akewo amene ankadya pakhomo pake.

Ndinawatengera pambali a Chulu. "Asikulu, tingaimbenso tsiku lina popanda dzina la a Sandifolo? Dzina ili likamveka pa wayilesi, masikauti a za nyama afika kuno."

"Yayi, akamwini. Nyimbo ya afundi yopanda wamoyo ni nyimbo ya kumanda. Akale tikuwaitana kuti aone mwana wawo. Lomba tiwaitane aone chinji?"

Ndinawauza kuti ngati ndi choncho, nyimbozo sindiziulutsa tsopano. Ndizisunga mpaka nkhani itazizira, ngakhale patapita zaka, ndipo palibe wina adzazimva. Iwo anati zili bwino, iwo aimba kale, zotsalazo ndi za ine. Sandifolo anandiperekeza mpaka pa Lupande atandinyamulira njinga. Posiyana anangoti, "Muyende bwino, alamu," n'kundipatsa nkhuku.

Chaka chomwecho, nthawi yotentha

Ku Lusaka ndinaulutsa tepi yoyamba ija, ya nkhani za afundi akale, ndipo Fisi anaidya monga mwa nthawi zonse. Pomaliza pulogalamu ndinanena kuti nyimbo za a Chulu omvera adzazimva m'tsogolo. Tepi ya nyimbo sindinaipereke kosungira. Ndinawauza a Daka, amene tsopano anali mkulu wa chigawo chonse, kuti sindinamalize kuikonza, n'kubwerera nayo ku Chipata m'chikwama.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ku Kapale anthu anamva mawu a a Chulu pa wayilesi ya aphunzitsi ndipo anakondwa kwambiri. Ena anayamba kudzitama pamowa ndi pamsika kuti posachedwa dziko lonse limva nyimbo za kwawo, ndi dzina la fundi wawo. Sanali ndi mtima woipa, kunali kunyada chabe. Koma pamsika pamakhalanso masikauti, oyang'anira nyama zakutchire. Mbiri ya njovu ya ku Kapale anali atainunkhiza kale, koma analibe umboni, chifukwa mudzi wonse unadya nawo ndipo palibe akanaulula. Tsopano anamva kuti umboni ulipo, uli m'chikwama cha munthu wa boma.

A Daka anandiimbira lamya ku ofesi yoyandikana nayo. "A Phiri, tepi ija ya ku Malambo mubwere nayo. Mkulu wina wa za nyama akufuna kuimva Mande pa fotini awazi, muno mu ofesi mwanga. Musaikhudze."

Ndinawauza amayi anu tikudya masana. Anasiya kudya n'kusamba m'manja.

"Mukaipereka, a Sandifolo apita, ndi a Chulu omwe, poti mfuti ndi yawo. Ndipo ine ndi inu ku Jumbe sitidzapondako. Anakuimbirani chifukwa ndinu mkamwini."

"Ndiibise kwanu ndiye, ndikanene kuti inatayika."

"Kwa amayi anga? Kuti apolisi akagwedeze denga la amayi anga? Ndipo inu bodza simulitha, a Phiri. Mukanama makutu anu amatuluka thukuta."

Ankanena zoona. Matepi onse anali ndi manambala, ndipo imeneyi inalembedwa pa dzina langa. Kupereka ina sikukanatheka, poti a Daka akanaimvetsera. Kuibisa kunali kungochedwetsa tsoka, chifukwa chinthu chikakhala kuti chilipo, tsiku lina chimapezeka. Amayi anu anawonjezera mawu amodzi ndikunyamula chikwama. Anati ndikumbukirenso chifuwa cha a Chulu, kuti munthu uja sadzaimbanso choncho. Sanandiuze chochita.

Ulendo wa basi wopita ku Lusaka ndi wautali, ndipo ndinauyenda chikwama chili pamiyendo. Ndinkadziuza kuti lezala indipulumutsa. Ndinali katswiri wodula, ndinkatha kuchotsa chilembo chimodzi pakati pa mawu munthu osazindikira. Lolemba m'mawa ndinalowa m'kachipinda kodulira, n'kutseka chitseko, n'kuvala zomvera m'makutu. Ndinamvetsera tepi yonse ndili ndi pensulo m'manja, kufunafuna podula. Panalibe. Dzina la Sandifolo linali m'nyimbo iliyonse, pamzere uliwonse, ndipo paliponse pamene akazi ankalitchula, mawu a a Chulu anali kale pamwamba pake. Kuchotsa dzinalo kunali kuchotsa nkhalambayo. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Ndinaganiza za ntchito yanga, ndi za inu, poti Tisa anali wakhanda ndipo amayi anu anali ndi pakati pa Yamikani. Ndinaganiza za ana a Sandifolo amene ndinawaona akuvina pambali pa ng'oma. Ndinaganizanso za nyimbozo, ndipo kunena zoona zimenezi ndi zimene zinandiwawa kwambiri. Ntchito yanga yonse inali yopulumutsa zinthu zotere kwa Fisi. Ndinaimvetseranso tepiyo kachiwiri, osati kufuna podula, koma kungomva. Itatha ndinaikulunga bwinobwino, ndinapita nayo m'kachipinda kaja, n'kuiika pabokosi, n'kudina batani. Ndinaitembenuza n'kudinanso, monga mwa lamulo la ntchito.

Pa fotini awazi, ndiye kuti 2 koloko masana, ndinalowa mu ofesi ya a Daka. Mkulu wa za nyama uja anali munthu waulemu, wooneka wotopa. Asanafunse za tepi anandifotokozera mmene zinthu zinalili kuchigwa. Anati njovu zikutha, magulu a mfuti zankhondo akupha mosasankha, ndipo iye mwini waika m'manda masikauti ake. Anati amene amagula minyanga amayambira kwa munthu wa m'mudzi ngati ameneyu, ndipo ukagwira mmodzi umapeza njira ya kwa enawo. Sindinamutsutse. Mitembo ya njovu yopanda nkhope ndinali nditaiona ndi maso anga m'mbali mwa Luangwa, ndipo inandinyansa. Munthu uja sanali mdani wanga, ndipo mpaka lero sindinena kuti ankalakwa.

A Daka anatambasula dzanja. Ndinawapatsa tepi, koma ndisanaisiye ndinati, "Bwana, musavutike kuiika pamakina. Mulibe kanthu. Ndaifufuta m'mawa uno."

"Mwangozi?"

"Ayi, bwana. Mwadala."

Mkulu uja anandifunsa ngati ndikudziwa kuti zimenezo zikhoza kundiika m'mavuto. Ndinati ndikudziwa. Anandifunsa dzina limene linali m'nyimbozo. Ndinamuyankha kuti anthu aja anaimbira wayilesi, sanaimbire khoti, ndipo ndikatchula dzina, palibe mudzi m'chigawo chonse umene udzalolenso munthu wa wayilesi kupachika maikolofoni pamtengo wawo. Anatenga chipewa chake. Anati nkhaniyo aipitiriza ndi akuluakulu athu, ndipo ku Kapale apitabe, tepi kaya palibe.

Titatsala awiri, a Daka ankangotembenuzatembenuza tepi ija m'manja. Ndinkayembekeza kuti akalipa za kusamvera. Koma anafunsa motsitsa mawu.

"Zinali bwanji?"

"Bwana?"

"Nyimbozo. Zinali bwanji?"

"Sindinajambulepo zoposa zimenezo, bwana."

"Ndipo simunandiitane kuti ndimveko ngakhale imodzi." Anaika tepi m'kabati ya matepi opanda kanthu. "Tulukani, a Phiri."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kalata imene inatsatira.

Lusaka, zaka zotsatira

Sanandichotse ntchito. Ndinamva pambuyo pake kuti a Daka anandimenyera nkhondo kwa akuluakulu, ngakhale iwo sanandiuzepo. Koma anandilanda makina ojambulira, anandichotsa ku Chipata, n'kundibweza ku Lusaka kuti ndiziwerenga mauthenga a maliro. Ndi chifukwa chake inu munakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri ija, ndipo amayi anu anasiya sukulu yawo ya pafupi ndi kwawo. Sanandidandaulirepo, kupatula pamene ndawakwiyitsa pa zina. Pa mauthenga ndinakhalapo mpaka a Daka atapuma ntchito. Wolowa m'malo mwawo anandibwezera ku mapulogalamu a miyambo, ndipo ndinagwira kumeneko mpaka nanenso nditapuma, nthawi imene matepi anali atayamba kutha ntchito. Lero mdzukulu wanga amajambula kulira kwa tambala pa foni n'kusunga, palibe womufunsa.

Ntchito ya mauthenga anzanga ankaiyesa chilango, ndipo inalidi chilango, koma musaipeputse. Masiku amenewo kumidzi kunalibe mafoni. Munthu akamwalira ku Malambo, abale ake a kumigodi ankamva kudzera mwa ine. Mauthenga ankabwera pa timapepala kuchokera ku mapositi ofesi ndi kumaofesi a boma, ena ankafika pulogalamu ili m'kati, ndipo ndinkawawerenga osawaona kale. Ndinaphunzira kutchula dzina lililonse pang'onopang'ono, kawiri, chifukwa kwinakwake kunali munthu amene waimitsa khasu kuti amve. Tinali ndi chizolowezi chimodzi: womwalirayo akakhala woimba amene tinamujambulapo, tinkaika kachigawo ka nyimbo yake uthenga ukatha.

Za ku Kapale sindinkadziwa bwinobwino. Mlamu wanga wa pa Jumbe anatiuza kuti masikauti anapitako, anafufuza m'nyumba, ndipo Sandifolo anamutengera kukampu kukamufunsa. Kenako mvula inagwa, Lupande inadzaza, ndipo mbiri zinasiya kuwoloka. Ena ankati anamumasula, ena ankati anamupititsa ku Chipata, ena ankati anathawira ku Mozambique. Ine kupita kumeneko sindikanatha, poti akanati ndikukakonza umboni. Nkhani imeneyi inkandidya. Ndinkadzifunsa ngati ndinataya nyimbo zija pachabe, munthu n'kumangidwabe. Ndinakhala ndi funso limenelo dzinja lonse ndi chilimwe chotsatira.

Tsiku lina masana, mvula yoyamba itangogwa, ndinali mu situdiyo ndikuwerenga monga mwa masiku onse. Kuseri kwa galasi kunali a Lungu, amisiri oyendetsa makina, amene ankaidziwa nkhani yanga ngati mmene aliyense pantchito ankaidziwira. Mesenjala analowa mwakachetechete n'kuika timapepala tina patebulo. Ndinatenga kapamwamba n'kuyamba kuwerenga.

"Uthenga uwu ukupita kwa abale onse a banja la a Chulu amene ali ku Lusaka ndi kumigodi. A Yobe Chulu a m'mudzi wa Kapale, ku Malambo, amwalira. Ndibwereza, a Yobe Chulu a m'mudzi wa Kapale."

Pa wayilesi munthu suima. Ndinapitiriza mzere wotsatira.

"Maliro ali pakhomo pa mphwawo, a Sandifolo Mbewe, amenenso atumiza uthengawu. Akuti abale afulumire Lupande isanadzaze."

Ndinawerenganso dzinalo kachiwiri, pang'onopang'ono. Kanali koyamba kuti limveke pa wayilesi. Sandifolo anali pakhomo pake, akuika amalume ake. Chisoni ndi chimwemwe zinandigwira nthawi imodzi, moti ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

A Lungu anatseka maikolofoni yanga n'kulankhula m'zomvera zanga. "A Phiri, si woimba wanu uja ameneyu? Tiikepo nyimbo yake. Ili pati?"

"Tilibe."

"Ngakhale kachidutswa?"

"Ngakhale kachidutswa, a Lungu. Tsegulani."

Nyale yofiira inayaka. Ndinatenga kapepala kotsatira, n'kuwerenga maliro a munthu wina wa ku Lundazi.